Mfuti Imodzi, Mapewa Awiri

Ndisanayambe, nditchule kaye mboni zanga, chifukwa ndikamafotokoza nkhaniyi paukwati anthu amayang'anana. Mboni yoyamba ndi mayi anga, namwino wopuma pantchito, amene sananamepo chibadwire kupatula pa nkhani ya zaka zawo. Yachiwiri ndi amalume anga a Dzimbiri, mlongo wawo wa mayi, amene adakali moyo ku Hamilton ndipo foni amayankha isanalire n'komwe. Yachitatu ndi mayi wina wachizungu, a Doreen, amene ankayang'anira bwalo lophunzirira kuwombera mfuti. Iwowa Chichewa sadziwa, choncho sangatsutse chilichonse chimene ndilembe pano.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo tinali titakhala ku Canada zaka zinayi. Amalume ankayendetsa basi mumzinda wa Hamilton. Anali aatali moti polowa m'basi yawo yomwe ankawerama kawiri. Chaka chimenecho anatenga ziphaso zonse zosungira mfuti ndi zosakira nyama, ine n'kundilembetsa maphunziro a ana ofuna kusaka. Ndinakhoza. Cholinga chathu chinali choti mu Okutobala tipite kunkhalango za kumpoto kukasaka nkhwali za kuno, zija zimadzambatuka paphazi pako ndi phokoso la njinga yamoto.

Panali malamulo awiri. Loyamba linali la boma: mwana wa msinkhu wangawo akamasaka ndi wamkulu, awiriwo azinyamula mfuti imodzi basi, yosinthana. Amalume anati zimenezo si zachilendo, ku Ntcheu njinga imodzi inkakwanira banja lonse ndi mbuzi yomwe.

Lachiwiri linali la mayi, ndipo linali lolimba kuposa la boma. Iwo mfuti sankafuna kuiona ngakhale pachithunzi. Atakangana ndi mlongo wawo sabata ziwiri, anagamula chonchi: andipatsa masiku atatu a Loweruka kubwalo kuja, kumene makina amaponya timbale tadothi m'mwamba ngati mbalame. Pa timbale makumi awiri ndi tisanu, ndiphwanye khumi. Ndikakwanitsa, ndipita kunkhalango. Ndikalephera, Loweruka lililonse ndizikaimba kwaya ya ana kutchalitchi mpaka nditakwatira.

"Munthu wolephera kulasa mbale," anatero mayi, "kuthengo akalasa malume wake."

Amalume anapita kukagula mfuti yachifefe, ija imamwaza machaka. Kusitolo anawaonetsa za mipope yosiyanasiyana, ya mainchi 26, 28 ndi 30. Iwo anafunsa ngati kuseri kuli ina. Anawatulutsira ya mainchi 32, ndipo akuti anafunsanso ngati kuseri kwa kuseriko kulibe ina.

"Limbani, mfuti ndi mpope," anandiuza madzulo ake. "Gogodera ya agogo ako inali yaitali moti nkhanga sankachita kuiwombera, ankangoigunda nayo pamutu ali khale pakhonde. Mpope ukatalika, machaka amafika kutali. Zimenezi sizifuna sukulu."

Loweruka loyamba tinaika mfutiyo m'chikwama chake n'kuilowetsa m'galimoto. Inayambira kubuti mpaka pagalasi lakutsogolo, ine n'kukhala chopendekeka ulendo wonse. Ndikulumbira, mlomo wa mfutiyo unafika kubwalo n'kulembetsa dzina ife tikadali pamaloboti a ku Hamilton.

Ndikukumbukira kamphepo ka Seputembala, fungo la onga losakanikirana ndi la udzu wometa kumene, ndi zotseka m'makutu zimene zinkachititsa kuti ndizimva mtima wanga wokha. Anayamba ndi amalume. Kunena zoona, m'manja mwawo mfutiyo inkayenda mosalala ngati basi pamsewu wopanda okwera. Kambale kakatuluka, mpope unkakatsatira mosathamanga, kenako phuu, fumbi. Anaphwanya makumi awiri. Anatembenuka n'kuyang'ana azungu onse mmodzimmodzi.

Kenako inali nthawi yanga. Kuti ndiinyamule mfutiyo ndinkapendekera chambuyo, mimba patsogolo ngati mayi wapakati. Ndikafuula kuti aponye, kambale kankauluka, kufika kumene kakupita, kutera pa udzu, kupumula, ine ndikadakweza mpope. Sindinaphwanye ngakhale kamodzi. Timbale tanga anatitola tili tamphumphu n'kutibwezera m'makina, moti sabata yotsatira tina tinkandidziwa nkhope.

"Vuto si mfuti," anatero amalume titafika kunyumba. "Vuto ndi chakudya. Achemwali, mwanayu mukumudyetsa masamba osaphika."

Sabata yonseyo ankandinyamulitsa thumba la mpunga, kukwera nalo masitepe ndi kutsika. Mayi ankangoimba chamumtima akutsuka mbale, ndipo Lachinayi ndinapeza buku la nyimbo lili papilo panga.

Loweruka lachiwiri ndinapeza tiwiri. Kamodzi ndinakaphwanya ndine, kenako kanatuluka m'makina kali kosweka kale, koma amalume anakalemba. Apa ndi pamene a Doreen anabwera. Anali mayi wachikulire, wamfupi kuposa ine, wokulira pafamu. Anaonetsetsa kuti mfuti ilibe chipolopolo, n'kundiuza kuti ndiiike paphewa, ndilozetse pa mtengo wina patali, ndiziwerenga. Pofika pa zisanu ndi ziwiri mpope unali ukulemba dzina langa m'malere. Anapita kukatenga mfuti yawo, yopepuka, ya mainchi 26. Inakwera paphewa panga yokha, ngati inkandidziwa kale. Pa timbale tisanu ndinaphwanya tinayi.

Amalume Chingerezi ankachidziwa bwino, koma mawu achipongwe ankasungira Chichewa. Anamwetulira a Doreen mwaulemu n'kundinong'oneza kuti, "Kamfuti aka n'kophera mbewa. Nkhwali ikakhala patali udzaiitana ndi likhweru?"

Kaya a Doreen anamva bwanji, sindidziwa. Anakhoma mapepala awiri akuluakulu pa matabwa, kutalika kofanana, n'kuuza amalume kuti awombere limodzi ndi mfuti yaitali, linalo ndi yaifupi, zipolopolo za mtundu umodzi. Titapita kukaona, mabowo anali atamwazika chimodzimodzi. Anafotokoza mofatsa kuti mainchi ochepa amenewo sawonjezera ulendo wa machaka. Chimene chimawasonkhanitsa kuti afike ali pamodzi ndi kachitsulo kofinya kamene amapotera kumlomo kwa mfuti, ndipo pa mfuti ziwirizo kanali kofanana. Mpope wautali, anatero, umathandiza munthu wamphamvu kutsatira mbale modekha pabwalo poyera. Wamfupi umakwera msanga, sukodwa m'nthambi, ndipo ndiwo woyenera m'nkhalango yowirira kumene nkhwali imakupatsa nthawi ya kuphethira kumodzi. Ndiwonso woyenera mikono ya mwana.

Amalume anatulutsa cholembera n'kuyamba kuwerenga mabowo. Anawerenga mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza analengeza kuti mpope wautali wapambana ndi mabowo anayi. A Doreen anawaonetsa kuti anayiwo ndi a misomali yokhomera pepala.

Tsono vuto lenileni linali apa. Mfuti ya a Doreen inali yawo, ndipo kunkhalango tinkayenera kupita ndi imodzi. Mayi nawo anali atanena kale kuti mayeso ndikhoze ndi mfuti yomweyo imene ndikasakire, osati yobwereka. Mwayi wake, mpope wa mfuti ya amalume unkatheka kumasula n'kuikapo wina. Koma amalume atayesa yaifupi ija pa timbale, zinthu zinawaipira. Mikono yawo yaitali inkaikankha mopitirira, kambale n'kutsalira m'mbuyo. Kuchoka pa makumi awiri anatsikira pa khumi ndi titatu. Ndipo anzawo akutchalitchi anali atamva kale za makumi awiri aja, nambala imene inkakula tsiku lililonse mpaka inapitirira timbale timene makina anaponya.

Pobwerera, tikudutsa mafakitale a zitsulo, ndinawamvera chisoni amalume. Ndinawauza m'Chingerezi, poti ndimo ndinkayankhira masiku amenewo, kuti asavutike, kwaya si yoipa kwenikweni.

"Iwe kuimba?" anatero osandiyang'ana. "Mulungu wakulakwira chiyani?"



Loweruka lachitatu ndinadabwa kuona kuti m'galimoto ndakhala mowongoka. Titafika kubwalo amalume anatsegula chikwama, ndipo mfuti yawo inali ndi mpope watsopano wa mainchi 26. M'manja mwawo inkaoneka ngati ambulera ya mwana wa kumkaka.

"Usaganize kuti ndagonja," anatero. "Wautali uja ndangoupatsa tchuthi."

Tsikulo mayi anabwera okha kudzawerengera. Anavala zotseka m'makutu pamwamba pa duku, pepala ndi cholembera m'manja ngati ali m'wodi. Ndinayamba bwino, kenako ndinayang'ana mayi, n'kuyamba kuphonya. Titafika pa timbale makumi awiri ndinali nditaphwanya tisanu ndi titatu. Kotsatira ndinaphonya. Kenako phuu, tisanu ndi tinayi. Ndinaphonyanso. Amalume kumbuyo kwanga ankapemphera mokweza, akutchula mayina a makolo athu onse mpaka a ku Mozambique.

Kambale ka makumi awiri ndi tinayi kanatuluka chakumanzere. Ndinawombera. Kanapitirira ulendo wake ngati palibe chachitika, koma m'mphepete mwake munathothoka kachidutswa kakang'ono, n'kugwa pakokha. A Doreen anati lamulo la pabwalo limati kachidutswa kakaoneka ndi maso, mbale yaphwanyika. Amalume anati iwo aona zidutswa zisanu. Tonse tinatembenukira kwa mayi, poti khoti lalikulu linali iwowo.

Mayi anayang'ana pepala lawo nthawi yaitali. Anayang'ana ine, kenako kamfuti kaja, kenako mlongo wawo.

"Ndakaona," anatero. "Kanali kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Koma kuchipatala, chilichonse chotuluka timalemba." Analemba khumi.

Amalume anavina ingoma pomwepo, zotseka m'makutu zili kumutu, akuponda pansi mpaka makina anaponya kambale okha. Azungu awiri anaombera m'manja, mmodzi anafunsa ngati aitane ambulansi. Kambale komaliza ndinakaphonya ndi mtima woyera.

Mu Okutobala tinapita kunkhalango. Mitengo inali yothinana moti kuti utembenuke umayenera kupempha chilolezo. Masamba ofiira ndi achikasu ankalira kumapazi, mphuno zikuuma ndi kuzizira. Tinkasinthana mfuti ola lililonse. Tsiku lachiwiri, mfuti ili m'manja mwanga, nkhwali inadzambatuka pansi pa chitsamba. Mpope unakwera osakhudza nthambi, ndinawombera, mbalame inagwa. Amalume anaphonya zitatu ulendo umenewo, ndipo njira yonse yobwerera ankanyoza kampope kafupi akuseka, dzanja limodzi pachiwongolero, lina likundisisita m'mutu. Nkhwali imodziyo tinadya anthu khumi ndi anayi, ndipo mayi anaigawa mwaluso moti ena anatenga yotsala kupita nayo kwawo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti amalume anasintha mpope chifukwa mapepala aja anawatsegula maso. Chaka chatha, ndili ndi ndevu zanga, ndinawachezera n'kuwakumbutsa za tsikulo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Mapepala ati? Mphepo inkawomba tsiku lija. Mpaka lero mpope wautali umafika kutali, ndipo ndidzafa ndikudziwa zimenezo."

"Nanga munasinthiranji?"

"Iii, Limbani, sukulu yonseyi osadziwa? Mfuti inali imodzi. Ine yaifupi ndinkatha kuinyamula. Iwe yaitali sunkatha."

Lero anthu akandifunsa kuti agule mpope wotalika bwanji, ndimawauza zonse zimene a Doreen anatiuza: wautali wa pabwalo poyera, wamfupi wa m'nkhalango, ndipo munthu ayambe wauika paphewa asanalipire. Zimenezo n'zoona, koma zimapezeka m'mabuku. Chimene ndinachiphunzira kwa munthu amene sanavomerepo kulakwa m'moyo wake wonse n'chakuti chinthu chikakhala cha anthu awiri, muyeso amatengera paphewa la wamng'ono.