Sofa Imene Inatsala ku Sheffield

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapulumutsa ndalama za makolo anga, kapena ndinene kuti pamene ndinkaganiza kuti ndazipulumutsa. Nthawiyo tinkakhala ku Sheffield, m'kanyumba ka njerwa zofiira kogundana ndi tinzake, pamwamba pa chitunda chimene amayi ankachidandaula tsiku lililonse pochokera ku ntchito. Amayi anali namwino pa chipatala cha boma. Bambo anali atangomaliza maphunziro awo pa yunivesite ndipo ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Rotherham, podikira kuti masatifiketi awo tsiku lina awakumbukire. Ine ndinachoka ku Zomba ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pofika nthawiyi lilime langa linali litapindika kale ngati la ana a kumeneko. Chingerezi cha m'mabuku bambo ankachidziwa kuposa tonse, koma azungu a ku Sheffield akayamba kumeza mawu pa foni, iwo ankangondipatsira n'kunena kuti, "Tadala, tamvera, akuti chiyani ameneyu?"

Chaka chimenecho amayi anapeza ntchito yabwinoko ku Liverpool. Bambo anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, tipite. Kusamuka tinkakudziwa, poti m'Sheffield momwemo tinali titasamukapo kamodzi, ndipo ulendo umenewo Amalawi anzathu anabwera ndi timagalimoto tawo, malipiro ake anali mpunga ndi nkhuku basi. Koma Liverpool sipafupi, ndi kuseri kwa mapiri, ndipo aliyense anali ndi mashifiti ake. Panalibe kuchitira mwina, tinayenera kufuna kampani yosamutsa anthu.

Ndinakhala masana atatu ndi chibuku chachikasu cha manambala a foni pamiyendo. Makampani ena ankatchula mtengo woti bambo akaumva ankaimba mluzu n'kutuluka panja. Ankandiuza kuti, "Uwauze achotseko pang'ono, ifenso ndife anthu," ndipo ine ndinkanena mwamanyazi, mzimayi wa pa foniyo n'kundiyankha mokoma kuti mtengo ndi womwewo. Kampani ina yaing'ono inati siitchula mtengo isanaone katundu. Itumiza munthu adzawerenge zonse, chifukwa mtengo umatengera kuchuluka kwa katundu, kutalika kwa ulendo, ngakhalenso masitepe a nyumba.

Loweruka lina ndikutsuka mbale ndinamva amayi akulankhula motsitsa mawu. "Abambo a Tadala, ya nyumba yatsopano talipira kale. Izi zosamutsazi zikadutsa mapaundi mazana asanu, mwezi woyamba ku Liverpool tikadya chiyani?" Kuchokera tsiku limenelo nambala imeneyo inkandiyenda m'mutu ngakhale ndili m'kalasi.

Pansi pa nyumba yathu panali chipinda cha mdima, chonunkha chinyezi ndi malasha akale, chimene chitseko chake chinali kuseri kwa masitepe. M'menemo munali katundu wa Anti Esinati. Sanali m'bale wathu wamagazi, anali mnzawo wa amayi, namwino mnzawo amene anakwera naye ndege imodzi pobwera. Anamwalira nyengo yozizira yapitayo atangodwala milungu iwiri. Amalawi anasonkha, thupi linapita kwawo ku Ntcheu, koma katundu anatsala: masutikesi atatu, migolo iwiri yapulasitiki yodzaza ndi zovala ndi nsapato zimene ankagulira ana awo, makina osokera, ndi makatoni angapo. Kwathu katundu wa malemu satayidwa ndipo sagawidwa ndi alendo. Amayenera kufika kwa abale, iwo akhale pansi agawane, ndipo zisanatero maliro amakhala ngati sanathe. Amayi ndiwo anapatsidwa udindo womusunga mpaka malo apezeke m'kontena yopita kumudzi. Ine chipindacho ndinkachiopa, sindinkafuna n'komwe kudutsa pafupi ndi chitseko chake.

Munthu wa kampani uja anabwera Lachitatu masana, bambo ali ku ntchito. Amayi anali atagwira shifiti yaitali, maso ali psuu. Anamulonjera, anamupatsa tiyi, kenako anati, "Tadala, uwasonyeze zonse bambowa, ine mutu ukundiwawa." Munthuyo anali mzungu wamtali, wadazi, waulemu. Tinayenda chipinda ndi chipinda iye akulemba: mabedi, firiji, tebulo, makatoni, sofa ndi mipando yake iwiri. Chilichonse chimene ankalemba, ine ndinkachimva ngati mapaundi akugwa m'thumba la amayi. Titatsika, analoza chitseko cha kuseri kwa masitepe n'kufunsa ngati kunsiko kuli choti anyamule.

Ndinati mulibe kanthu, ndi zinyalala za eni nyumba.

Musaganize kuti ndinafuna kuti katundu wa Anti Esinati atsale. Ayi, ndinali ndi nzeru zanga. Ndinkakumbukira tsiku limene tinasamuka ku Blantyre kupita ku Zomba ndili wamng'ono. Lole inadzaza, koma anthu ankabwerabe ndi matumba, mbuzi, njinga, ndipo wothandiza dalaivala ankangoponya chingwe n'kumanga pamwamba. Kwa ine galimoto sinali chinthu chodzaza. Ndinaganiza kuti mtengo ukangolembedwa, tsiku losamukalo katunduyo adzapanikizidwa penapake, zotsala adzamangirira padenga. Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mmisiri wake tsiku limenelo ndinali ine.

Kalata inafika patapita masiku awiri: mapaundi mazana anayi ndi makumi asanu ndi limodzi. Bambo anavina m'khitchini atanyamula kalatayo m'mwamba. Amayi anati Mulungu sagona. Ine ndinadzimva ngati ngwazi mpaka pamene anandipatsa kalatayo kuti ndiwawerengere timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Pamenepo panalembedwa kuti galimoto imasankhidwa molingana ndi katundu amene walembedwa, ndipo chimene sichili pa mndandanda sichinyamulidwa. Mzere umenewo ndinaudumpha. Amayi anandiyang'ana n'kufunsa, "Kunsi kuja unawasonyeza, eti?" Ndinati eee.

Milungu iwiri yotsatirayo sindinaimve kukoma. Kusukulu aphunzitsi ankaganiza kuti ndikudandaula kusiya anzanga, ndipo ankandisisita paphewa, osadziwa kuti akusisita wabodza. Ndikaona galimoto yonyamula katundu pamsewu ndinkaiyeza ndi maso, n'kumayang'ana ngati padenga pake pali pomangirira. Panalibe ndi imodzi yomwe. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndiulula, koma ndikaona bambo akuimba nyimbo uku akumata makatoni, ndinkati mawa.

Tsikulo linafika, Loweruka, kukuwaza kamvula kaja kosatha ka ku Sheffield. Amayi ankayamba ntchito Lolemba ku Liverpool, ndipo wa eni nyumba ankabwera kudzatenga makiyi masana. Galimoto itaima pakhomo, bambo anaiyang'ana n'kunena, "Kagalimoto kake n'komweka?" Anyamata ake anali awiri, wina wachikulire wa ndevu zaimvi. Ankagwira ntchito mwaluso, katundu aliyense ankalowa pamalo pake ngati anachita kumuyeza, ndipo pamene firiji inkalowa, mpata wotsala unali woti n'kuikapo tsache basi. Ine ndinaima pakhonde, maso ali pa kampata kotsalako.

Amayi anatsegula chitseko cha kuseri kwa masitepe n'kuyatsa getsi. Wa ndevu uja anatsika, anakhalako kanthawi, n'kukwera atagwira pepala lake. Anati zimenezo palibe pa mndandanda, ndipo malo atha. Bambo anati zingwe ali nazo, amange pamwamba. Munthuyo sanaseke, anangopukusa mutu n'kunena kuti apolisi angawaimitse asanatuluke n'komwe mu mzinda. Ulendo wachiwiri unali wotheka Lachiwiri, pamtengo wotsala pang'ono kufanana ndi woyamba.

Bambo anga ndi munthu wofatsa, koma tsiku limenelo mawu anakwera. Anati kampaniyo ndi ya akuba, inatumiza munthu wake, anaona zonse, ndipo tsopano ikufuna kutidyera kawiri chifukwa ndife alendo. Wa ndevuyo nkhope inafiira. Anatulutsa foni kuti aimbire ku ofesi. Ndinaona kuti bambo anga akutukwana munthu wosalakwa pamaso pa msewu wonse chifukwa cha ine, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chikwapu.

"Adadi," ndinatero, "sanalakwe iwowa. Ndine. Ndinawauza kuti kunsi kulibe kanthu."

Amayi anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinayankha ndikulira kuti ndinawamva akunena za mapaundi mazana asanu. Anakhala pansi pa sitepe, n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri. Bambo anapita kwa wa ndevu uja, anamugwira chanza n'kupepesa, kenako anabwerera kwa amayi.

"Amake Tadala, tiwaimbire a Phiri a kutchalitchi. Angatisungire m'galaja mwawo, tidzatenga zinthu zikakhala bwino."

"Zinthu zikakhala bwino liti?" amayi anayankha. "Mayi ake a Esinati anandiuza ine pa foni kuti, mwana wanga, katunduyo ali m'manja mwako. Sanati m'manja mwa a Phiri. Mnzanga anafera kwa eni. Ndimusiyenso m'galaja ya eni, makoswe azimudyera zovala za ana ake?"

Anaimirira, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kufunsa wa ndevuyo m'Chingerezi chawo chodekha ngati mtengo ungasinthe titatsitsa china n'kukweza china. Iye anati ayi, malo ndi malo. Pamenepo amayi analoza sofa.

Sofa imeneyo inali yofiirira, yofewa, ya anthu atatu, ndi mipando yake iwiri. Chinali chinthu choyamba chatsopano chimene amayi anagula ku Mangalande, zina zonse m'nyumbamo zinali zogula kwa anthu. Anaigwirira mashifiti owonjezera nyengo yonse yozizira. Sitinkaloledwa kudyerapo ngakhale bisiketi, ndipo chithunzi choyamba chimene anatumiza kumudzi anajambulitsa atakhala pamenepo. Ndinawagwira mkono n'kuwapempha kuti atsitse bedi langa ndi njinga yanga m'malo mwake.

"Bedi lako silikwana," anatero, "ndipo bodza salipira ndi njinga. Iwe ndiwe unawakana Anti ako. Tsika, ukawatulutse."

Ndinatsika m'chipinda chimene ndinkachiopa chija. Zolemera ananyamula anyamata aja ndi bambo, koma sutikesi yaing'ono ndi makatoni ndinakweza ndekha, sitepe ndi sitepe. Pa katoni ina panali malemba a Anti Esinati enieni, a inki yabuluu, akuti "nsapato za Chisomo, akadzayamba fomu wanu." Ndinaima pakati pa masitepe n'kuwawerenganso. Kufikira nthawi imeneyo katunduyo ndinkangomuona ngati mtolo wokweza mtengo. Sindinaganizepo kuti ku Ntcheu kuli mtsikana ngati ine amene akudikira nsapato kuchokera kwa mayi amene anaikidwa kale m'manda.

Sofa ija, pamodzi ndi mipando yake, anaitsitsira m'mbali mwa msewu, pa kamvula. Amayi anachotsapo tinsalu tawo toluka, anatipinda bwinobwino n'kutiika m'chikwama cha m'manja. Mayi wina woyandikana nafe anatuluka n'kufunsa ngati ikutayidwa, ndipo amayi anati atenge. Pamene tinkatsika chitunda kupita kokwerera sitima, ana ake anali akuikokera kale m'nyumba. Amayi sanacheuke, koma ine ndinacheuka katatu.

Ku Liverpool tinakhala miyezi inayi pabalaza popanda mpando. Tinkayala zitenje pa kapeti. Katundu wa Anti Esinati anaima pakona, ndipo tinsalu toluka tija amayi anatiyala pamwamba pa masutikesi. Alendo a kutchalitchi akabwera n'kumayang'anayang'ana pokhala, ine ndinkafuna nthaka indimeze, ndikudikira kuti nkhani yanga iululike. Amayi ankangoseka n'kunena kuti, "Khalani pansi ngati kumudzi, sofa yathu inakana Liverpool." Sanauzepo munthu, ndipo sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa chikwapu chimatha tsiku lomwelo, pamene kuona amayi akuchokera ku shifiti ya maola khumi ndi awiri n'kudzakhala pansi atatsamira khoma kunkandipweteka tsiku ndi tsiku. Malo m'kontena atapezeka, katunduyo anapita, ndipo patapita miyezi mayi a Anti Esinati anaimba foni kunena kuti wafika yense, agawana.

Lero ndine wamkulu, ndasamukapo kanayi, ndipo wa kampani akabwera kudzaona katundu ndimayamba ndi kumutsegulira zitseko zimene sanafunse. Ndinamvetsa kuti mtengo umene ndinaubisa sunachoke, unangosamukira pa munthu wina, ndipo anaulipira ndi amene ndinkafuna kuwapulumutsa. Ndi malipiro anga oyamba ndinawagulira amayi sofa, yofiirira ngati ija. Anakhalapo, anaisisita, n'kundiyang'ana.

"Ndi yabwino, mwana wanga, zikomo," anatero. "Koma usamaidandaule ija. Iyi ingonyamula ine. Ija inamufikitsa Esinati kwawo."