Mbali Yakumanzere ya Vitz

Anzanga, ine ndatopa. Tandimverani.

Tukiya ndinakumana naye pa car wash pomwe ndimagwira ntchito kuno ku Kabwe. Ine yanga ndi yochotsa ma scratch pa penti ndi manja: mankhwala opukutira otchedwa kompaundi, kansalu kofewa, basi. Iye anabwera ndi Vitz yofiira, misozi ili mbwembwembwe.

"Boss, scratch iyi ingachoke? Motoka ndi ya amalume, akaona andipha!"

Ndinayendetsa chikhadabo pamzerewo. Sichinakole.

"Chikhadabo chikapanda kukola ndiye kuti yangokandika pamwamba. Ichoka iyi."

Ndinatsuka, ndinapaka kompaundi, n'kumapukuta mozungulira pang'onopang'ono mpaka mzere unazimiririka.

"Imwe ba Petson, muli na manja!" anatero akuseka. Number anapereka yekha.

Posakhalitsa anayamba kubwera kwathu ku Makandanyama Loweruka lililonse. Kanjira kolowera kwathu n'kopanikiza, kumanzere kuli mpanda wa minga wa aneba. Akangolowa, minga ija khwee pazitseko. Potuluka ndinkamugwirira nthambi kuti zisakhudze. Ndiye chikondi chathu chinali chotere: tidye, ticheze, kenako ine panja ndi kansalu, iye pampando akumwa maheu.

"Babe, pukuta bwino, amalume ali na maso."

Tsiku lina ndinamuuza, "Penti imatha iyi. Tikapitiriza ipyapyala. Bwanji uzisiya motoka kumsewu?"

"Awe, anthu angaione."

Ine ndinkayesa akuopa akuba. Ha, uchitsiru wanga!

Miyezi isanu ndi itatu, anzanga. Mkono unkachita kuwawa, koma ndinkati ndikuteteza mkazi wanga wam'tsogolo. Ndinali nditayamba kale kufunafuna munthu woti akandilankhulire kwa amalume omwewo...

Lachinayi lapitali Vitz ija inalowa pa car wash. Anatsika mwamuna wa msinkhu wanga, waulemu wake.

"Ndine Collins. Akuti pa penti ndimwe akatswiri. Ndifuna iwale, Loweruka ikanyamula mkwatibwi wanga."

Kansalu kanandigwa m'manja.

"Ine ndimagwira ntchito kutali, motoka ndimasiyira mkwatibwi wangayo, Tukiya," anapitiriza. "Amaisamala mkazi uja, palibe scratch ngakhale imodzi. Koma taonani kumanzereku, penti yafooka. N'chiyani ichi?"

Ndinayika dzanja pachitseko. Malo onsewo ndinkawadziwa ngati chikhatho changa.

"Papukutidwa kwambiri, bwana. Ndikakhudzanso apa tiona primer ya pansi pa penti."

"Nanga ndani angapukute mbali imodzi yokha?"

"Kaya," ndinatero.

Ndinafuna kunena. Koma ndinadziletsa. Munthuyo sanandilakwire kanthu, ankangomwetulira n'kumandionetsa chithunzi cha keke pa foni. Ndinatola kansalu kanga, ndinawalitsa kumanja, boneti ndi kumbuyo. Kumanzere ndinangopaka wax wowalitsa pamwamba.

"Muli na manja," anatero pochoka.

Masana omwewo message ya Tukiya inalowa: "Please osamuuza. Sorry."

Basi. Miyezi yonse ija, sorry mmodzi.

Mphamvu zokangana ndilibe. Chikundiwawa n'chakuti mpanda wa aneba unkayesetsa kulemba umboni sabata iliyonse, ine n'kumathamanga ndi kompaundi kukafufuta. Lero palibe ngakhale mzere umodzi wosonyeza kuti Tukiya anafikapo kwathu.

Ndinachotsa ndekha, anzanga. Ndi manja angawa.