Babu la aneba pamwamba pa khola langa

Ku Zolozolo khola langa la nkhuku linatsamira mpanda wa aneba, bambo wowotcherera zitsulo, wamanja ngati mafosholo. Pamwamba pa mpandawo anaikapo babu loopsezera akuba, ndipo kuwala kwake kunkagwera m'khola mwanga mwaulere.

Mwezi wa Juni Mzuzu amafunda nkhungu. Dzuwa limatuluka mochedwa n'kuthawa msanga, ndipo nkhuku za anthu zimanyanyala kuikira. Zanga ayi. Babu lija linkazinamiza kuti kunja sikunade, zinkangodyabe, ine n'kumatola mazira ofunda. Ndinadzitama nazo pamsika, nkhani n'kukafika kwa mwini babu.

Anandipeza m'mawa ndikutsuka zomwera nkhuku.

"Monire adada," ndinatero.

"Monire wa chiyani? Nkhuku zanu zikudya magetsi anga. Thireyi ya mazira pa sabata."

Ine amene ndimanenerera ngakhale bokosi la maliro, ndinaseka. "Mazira awiri, aneba. Kuwalako n'kotsala, kongotayikira kuseli."

"Thireyi."

"Atatu, limodzi losweka. Yewo chomene."

Dzanja sindinalione. Ndinangomva khutu likulira, msana uli pansi. Ndinadzuka ndi chomwera chachitsulo n'kuwatema nacho pamphumi. Magazi anatsikira m'diso, koma munthuyo osaphethira. Anandigwira pakhosi n'kundikhomera pa waya wa khola, wayawo n'kung'amba malaya ndi khungu lomwe. Nkhuku zinabalalika, nthenga mbwee! Ndinawaluma chala mpaka kumva fupa, iwo n'kundibwezera chibakera chomwe chinazula dzino lakutsogolo. Nkhuku ina inalijompha pansi, kuyesa chimanga.

Mkazi wanga anatuluka akukuwa: "Apatseni thireyiyo, bambo inu, akuphani!"

Ine ndili chigonere, m'kamwa muli magazi okhaokha, ndinakwezako pang'ono: "Anayi."

Aneba anatola chibanthu cha njerwa n'kugenda babu lawo lomwe. Magalasi anamwazikira m'chakudya cha nkhuku.

Nyumba yathu ya lendi inalibe magetsi, ndiye khola linayamba kuda limodzi ndi dzuwa. Mazira anachepa, kenako zii, koma thumba la chakudya linkatha ngati kale. Mapeto ake nkhuku zija ndinazimanga miyendo, ulendo kumsika waukulu. Kumeneko mayi wina wophika m'lesitilanti anazikanikiza pamimba, nati ndi zouma, n'kutchula mtengo wachipongwe. Ndinatsegula pakamwa potupa paja kuti ndikane, koma chibwano chinakana kuyenda. Anazitenga zonse.