Jombo zimene ndinawagulira amayi

Ine ndine namwino, ndipo ndayambira pamenepa chifukwa ndi pamene pagona manyazi anga. Zaka zisanu ndi zinayi ndagwira ntchito m'chipatala kuno ku Leicester, ku England, ndipo sabata silitha osagwada pansi kuvula sokosi za nkhalamba zodwala shuga kuti ndione mapazi awo. Koma mapazi a amayi anga ondibereka sindinawayang'ane. Lero amayi ali ndi mwendo umodzi, ndipo wochititsa ndine. Inu owerenga, makamaka inu amene mumaitanitsa makolo kunja kuno, ndimvereni.

Amayi ndi a ku Tsangano, ku Ntcheu. Moyo wawo wonse akhala akulima mbatatesi ndi kabichi, ndipo munthu woyenda ngati iwo sindinamuonepo. Kudimba wapansi, kumsika wapansi, ku Mvano wapansi. Shuga anawapeza naye kalekale, ndipo wowakumbutsa za mankhwala pafoni ndinali ine ndemwe. Chaka chatha ndinawaitanitsa kuti adzacheze nane miyezi ingapo.

Ndisaname, ulendo umene ndinapita nawo ku Germany unayamba ndi kaduka. Mnzanga wina wa ku Zambia, amene timagwira wodi imodzi, anapita ndi amayi ake ku Paris, zithunzi n'kudzaza mafoni athu tonse. Ndinati nanenso anthu aone kuti mwana wa mayi wogulitsa mbatatesi zinamuyendera. Ndinasankha mzinda wa Cologne chifukwa cha misika yake ya Khirisimasi, ndipo mapepala onse ndinawakonzeratu amayi asananyamuke ku Lilongwe. Atafika, ndinatenga mashifiti owonjezera. Ankandiona ndikulowa m'nyumba maso ali psuu, ndipo ankadziwa kuti ndikuvutikira ulendowo.

Kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke, ndikuweruka, ndinalowa m'sitolo ku Beaumont Leys n'kuwagulira jombo zokongola zaubweya mkati. Sayizi ndinangoganizira, ya nsapato zimene ndinawagulira pa ukwati wanga kalekale. Amayi anazilandira ndi manja awiri, n'kuzivala, n'kuyenda nazo kuchokera pampando kukafika pachitseko. Ndinafunsa ngati zawakwana.

"Zandikwana, mwanangu. Mulungu awonjezere pomwe wachotsa."

Ndinaona ndithu kuti zipi anaikoka movutikira, koma ndinati n'chifukwa choti n'zatsopano. Nanga inu, munamuonapo kholo la kwathu likulandira mphatso ya mwana wake n'kunena kuti yandithina?

Cologne ndi mzinda wokongola, zimenezo sindingakane. Titangotuluka pa siteshoni ya sitima, tchalitchi chachikulu chansanja ziwiri chinali pamphumi pathu, chakuda bii, ndipo amayi anaima n'kugwira pakamwa. Pansi pake panali timanyumba tamatabwa tamadenga ofiira, magetsi ali waliwali ngakhale kunali kusanade bwino. Ena ankawotcha masoseji, ena ankagulitsa tizidole tamatabwa ta Yosefe ndi Mariya, ena vinyo wotentha wonunkhira zokometsera. Amayi anaseka kwambiri atapeza mayi wina akukazinga zitumbuwa za mbatatesi. Anati nawonso azungu ndi a ku Tsangano basi. Tinagula, anadya, n'kunena kuti mchere wachepa.

Tsiku limenelo tinayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pa misewu ya miyala yoterera, kukuzizira kobaya m'mafupa. Ine foni m'manja. Imani apa amayi, sekani, tembenukani. Madzulo kuhotela analowa kubafa atavala jombo, n'kutuluka atavala sokosi. Ndinali kalikiliki kuwerenga zimene anthu alemba pa zithunzi zimene ndinaika pa intaneti.

Tsiku lachiwiri tinalowa m'tchalitchi muja. Amayi anakhala pabenchi nthawi yaitali, maso ali pa mawindo amitundumitundu, ndipo ine ndinkayesa akupemphera. Nditawakodola kuti tizipita, anandigwira dzanja.

"Tikhale kaye muno pang'ono, mwanangu. Muno muli bwino."

Abale anga, mawu amenewo ndi amene amandisowetsa mtendere mpaka lero. Munthu wamkulu wa kwathu sanena kuti ndikumva kuwawa, amazungulira choncho, ndipo mwana wanzeru amamva. Ine ndinayankha kuti yatsala misika itatu, ndipo mawa tikunyamuka. Anadzuka n'kunditsatira. Tinawoloka mlatho wa pa mtsinje wa Rhine, umene anthu okondana amakolekapo maloko, kupita ndi kubwerako, chifukwa ndinkafuna chithunzi choti tchalitchi chioneke kumbuyo kwathu. Pobwerera ankatsalira. Nditafunsa, anati akuyang'ana malokowo, akudabwa kuti anthu angatayirenji maloko abwinobwino. Ndinaseka. Mumtima ndinkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, china chikawavuta anena okha. Namwino wathunthu, woiwala kuti phazi la munthu wa shuga limachita dzanzi, limabooka mwiniwake akumva pang'ono chabe.

Tinabwerera ku Leicester, ine n'kulowa mashifiti anayi otsatizana. Ndinkachoka ali chigonere, ndinkabwera atakhala pampando atafunda bulangete, sokosi kumapazi. Ndinkati ndi chisanu.

Tsiku lachisanu m'mawa, ndikuwapatsira tiyi kuchipinda, ndinamva fungo. Fungo limenelo ndimalidziwa, ndi la kuwodi kwathu. Ndinaika kapu pansi n'kuwakhudza. Thupi lawo linali moto. Ndinagwada, iwo n'kubweza phazi m'bulangete, koma ndinalikoka osapempha. Pansi pa sokosi anali atamangapo kansalu kong'amba ku chitenje chawo cha Mvano. Nditamasula, zala ziwiri zinali zitada, ndipo chilonda cha m'mbali mwa phazi chinali chitalowa mkati.

Ndinalira ngati mwana. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze, ndipo ndinafunsa mokalipa, Mulungu andikhululukire. Anati thuza analiona tsiku loyamba lomwelo kubafa kwa kuhotela, litaphulika kale.

"Unavutikira ulendo umene uja, mwanangu. Ndikanakuwonongera bwanji chimwemwe chako chifukwa cha kachilonda?"

Madokotala anayesetsa. Anayamba ndi mankhwala amphamvu, kenako anachotsa zala, koma matenda anali atafika ku fupa ndipo magazi sankayenda bwino m'mwendomo. Patapita masabata atatu anaudula m'munsi mwa bondo. Wowamasulira m'Chichewa zimene dokotala ankanena ndinali ine. Ndi pakamwa pangapa ndinawauza amayi anga kuti mwendo uchoka. Iwo anangofunsa kuti kudimba azipita bwanji.

Khirisimasi imeneyo tinaidyera m'chipatala. Achimwene anga kumudzi anandiimbira foni n'kundifunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi si paja ndinu anamwino. Zithunzi zija ndinazichotsa pafoni, koma ndisanatero ndinaziyang'anitsitsa chimodzichimodzi. Pafupifupi paliponse amayi anaima atatsamira chinachake, phazi lamanja atalitukula pang'ono. Zinali poyera, anthu ambirimbiri anazikonda, ine mwini wojambula osaona.

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti amayi sanandidzudzulepo. Akanandikalipira mwina mtima ukanapepuka. Achimwene amati alendo akabwera, amayi amakhala pakhonde kumudziko pa njinga yawo ya olumala n'kumasimba za tchalitchi chansanja ziwiri ndi zitumbuwa zopanda mchere, amvekere mwana wanga anandionetsa dziko. Dimba lija akulima ndi ena.

Inu owerenga, makolo athu akabwera kuno amadziona ngati alendo m'nyumba zathu. Amaona mmene tikuvutikira, ndiye safuna kutiwonjezera katundu. Akati ndili bwino, musakhutire msanga. Nsapato musawagulire mongoganizira, pitani nawo akayese, ndipo mupanikize chala chanu kutsogoloko muone nokha. Ngati ali ndi shuga, chotsani manyazi, gwadani madzulo aliwonse muwavule sokosi. Ulemu umene umakuletsani kugwira phazi la mayi anu si ulemu ayi. Ndipo mukapita nawo kokaona malo, akanena kuti tikhale kaye pang'ono, khalani. Msika wa Khirisimasi umabweranso chaka chamawa.

Tsiku lowaperekeza kubwerera kumudzi, ndikulongedza sutikesi yawo, jombo zija ndinazibisa kuseri kwa chitseko kuti ndikazitaye. Amayi anaziona. Anandiuza kuti ndiziike momwemo, zonse ziwiri. Ndinati amayi, zimenezi ndi zimene zakupwetekani, komanso inayo muzivala kuti? Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Mphatso ya mwana wanga ndingaisiye kwa eni ake kuno?"

Ndinazipukuta, n'kuziika m'sutikesi.