Ndinafufuta Kulemera kwa Anthu a ku Shikabeta

Inu owerenga, ine si munthu wokonda kupepesa, koma ichi ndinena poyera. Ndinatsala pang'ono kuwamana mijigo anthu a ku Shikabeta, midzi ya kutali m'boma lathu, chifukwa cha girafu imodzi yabodza. Sindinabe kanthu, sindinaname dala. Ndinangokana kufunsa.

Koleji ndinaisiyira panjira ku Lusaka fizi itasowa. Ndinabwerera kwathu ku Chinyunyu ndi laputopu yosweka pakona komanso mtima wowawa. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu anali atayamba kuvala mataye, ine ndili pa shopu ya mlamu wanga kuonerera malole opita ku Chipata. Wondifunsa za sukulu ndinkamuyankha mwamwano mpaka anthu analeka.

Kenaka kunabwera kabungwe kena kudzachita kafukufuku wa madzi akumwa m'boma lathu la Rufunsa. Mabwana awo ku Lusaka anali ndi mijigo yochepa yoti akumbe, ndipo ankafuna kudziwa ngati Rufunsa ili pavuto lenileni kapena aipititse kwina. Woyang'anira ntchitoyo anali ba Mwiinga, mayi wochokera ku Lusaka amene ankachita lendi ku Mpanshya. Atamva kuti ndimadziwa kompyuta anandiitana. Ntchito yanga inali kulowetsa mayankho mu pulogalamu yowerengera, kenaka kujambula girafu yoonetsa kuchuluka kwa mabanja amene ali ndi madzi abwino pafupi.

M'failo imene anandipatsa munali kolamu ina kumapeto yolembedwa kuti "weight". Pa nyumba za pamsewu panali tinambala ting'onoting'ono, pa nyumba za ku Shikabeta panali manambala akuluakulu. Ndinaseka ndekha. Ine ndinkati ndi makilo. Ndinati, kodi anyamata ofunsa mafunso aja ankayenda ndi sikelo? Nanga kuyambira liti munthu wa ku Shikabeta walemera kuposa wamalonda wa pamsewu? Kaya ndi kulemera kwa thupi, kaya kwa m'thumba, zonse sizinkamveka. Ndinaifufuta kolamu yonse ngati zinyalala.

Ba Mwiinga anali atakhala patsidya pa tebulo lomwelo. Kufunsa kukananditengera mpweya umodzi. Koma kwa ine kufunsa kunali kuvomera kuti pali zimene anzanga anaphunzira ine nditachoka, ndipo zimenezo sindinkafuna kuzimva.

Girafu inatuluka yokongola. Mzati wa mabanja okhala ndi madzi abwino unali wautali, wa osowa madzi kafupi ngati chitsa. Ndinakayikira pang'ono, chifukwa ku Shikabeta ndinafikako ndipo ndinaonapo azimayi akufukula mchenga mumtsinje wouma kudikira kuti madzi atuluke. Koma ndinadziuza kuti kompyuta sinama. Linali Lachisanu, ba Mwiinga ankathamangira minibasi, ndiye anangondiuza kuti ndiitumize ku Lusaka pa imelo poti mabwana akumana Lolemba kuti agamule. Ndinadina batani lotumizira, n'kutseka laputopu.

M'mawa mwake anabwera naiyang'ana girafuyo nthawi yaitali.

"Iwe mwaice, mwana iwe, iyi Rufunsa ni iti? Ya ku Kabulonga, kwa olemera a ku Lusaka?"

"Manambala ndi omwewo munandipatsa, ba Mwiinga."

"Weight unaika?"

"Makilo aja? Ndinachotsa. Anali olakwika."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kugwira tebulo. Ine magazi anawira, ndinatsala pang'ono kunyamuka osabweranso. Koma kusekako kunatha mwadzidzidzi, nafunsa ngati ndinatumiza kale. Ndinati inde. Anaimbira foni bwana wa ku Lusaka, sinayankhidwe.

Apa ndi pomwe anandikhazika pansi. Ofunsa mafunso aja anayendera nyumba zambiri za pamsewu poti n'zosavuta kufikako, koma ku Shikabeta, kutali ndiponso msewu woipa, anafika nyumba zochepa. Zinakonzedwa choncho kuyambira pachiyambi. Ndiye nyumba iliyonse imene inafunsidwa kumeneko inkayankhira nyumba zina zambiri zimene sizinafikidwe. Nambala ija sinali makilo, inkanena kuti nyumba imodziyo ikuimira nyumba zingati. Poifufuta ndinachititsa kuti mayi woyankhira mudzi wonse awerengedwe ngati wangodziyankhira yekha, ndipo ife a pamsewu, amene mjigo tili nawo, tinawaphimba mawu onsewo.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo ndinadzichepetsa. Ayi ndithu. Tinatenga failo yawo yosafufutidwa, ndinajambulanso, girafu inatuluka chimodzimodzi ngati yoyamba ija.

"Mwaona? Makilo anu sanasinthe kanthu," ndinatero nditapinda manja.

"Manje pulogalamu waiuza kuti iwagwiritse ntchito? Kapena uganiza ilota?"

Inu amene mumagwira ntchito zoterezi, msampha wachiwiri ndi umenewu, ndipo ndi woipa kuposa woyamba chifukwa sukuwa. Kolamuyo kungokhalamo m'failo si kanthu. Batani lojambulira mwachangu limangowerenga mizere, nyumba iliyonse kamodzi. Uyenera kuyamba wauza pulogalamu mmene kafukufuku anakonzedwera ndi kolamu imene ili ya kulemera, iwerengere kaye zotsatira pa tebulo, kenaka ujambule zotsatira zimenezo. Ukatha uyerekeze girafu ndi tebulolo, mzati ndi mzati. Titachita zimenezi mzati wautali uja unatsika ine ndikuona, wa osowa madzi n'kuupitirira. Ba Mwiinga anandionjezeretsa timizere pamwamba pa mizati toonetsa pamene nambala yeniyeni ingathe kugwera, ndipo tinali tatitali poti ku Shikabeta ofunsidwa anali ochepa. Ngakhale choncho vuto la madzi linkaonekera.

Girafu yoona inali patsogolo panga, yabodza ili ku Lusaka ndi dzina langa pansi pake. Ndinkaona mabwana aja ataitsegula kale n'kunena kuti ku Rufunsa zinthu zili bwino, mijigo ipite kwina. Ndinatsegula imelo kuti nditumize yatsopano pamodzi ndi chipepeso. Ndinapeza uthenga wa Lachisanu uja uli pompo, sunapite. Netiweki inali itadula pamene ndinkatseka laputopu. Ndinaufufuta msangamsanga netiweki isanadzuke. Ba Mwiinga anapuma mpweya wautali nati ndikagule zakumwa ziwiri, za ndalama zanga.

Girafu yolondola ndi imene inafika pa msonkhano. Patapita miyezi galimoto yokumba mijigo inadutsa pa Chinyunyu osaima, kulowera kumidzi ya kutali. Ndinaiyang'ana mpaka fumbi litatha, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo tabwino. Ntchito sanandichotse.

Ndikuuzeni mosapsatira, makamaka inu anzanga amene sukulu inakutayani panjira. Ndimadziwa mmene zimawawira kufunsa munthu wa satifiketi chinthu chimene iye amachiona chophweka. Funsanibe. Kolamu imene simukuimvetsa musaifufute. Girafu ikakongola koma ikutsutsana ndi zimene maso anu anaona kumudzi, musaitumize, bwererani ku tebulo. Ine ndinapulumuka chifukwa cha netiweki yoipa, osati nzeru zanga. Kukanakhala kuti uthenga uja unapita, ba Mwiinga osaiona girafuyo, palibe akanandigwira, palibe akanandikalipira, mwinanso akanandiyamikira chifukwa cha girafu yooneka bwino. Azimayi aja akanapitiriza kufukula mchenga osadziwa n'komwe kuti pali mnyamata wina pamsewu amene anawachotsa pa chiwerengero poopa kusekedwa.