Achemwali a ku Rumphi

Pasukulu imene ndinkagwirapo ntchito ku Al Hilal, Amalawi tinalipo ine wa mulaibulale, madamu ophunzitsa sayansi, ndi bambo ena a ku Mangochi amene ankalondera pageti. Kwathu ku Balaka ndinali mphunzitsi wa pulayimale, koma ku Doha mapepala anga anangokwanira kusanja mabuku ndi kuletsa ana a anthu olemera phokoso. Sindinkadandaula. Mulaibulale munkazizira bwino, ndipo mabuku sayankha mwano.

Madamu a sayansi anali a ku Mulanje, aafupi, oyenda mothamanga ngati asiya ndiwo pamoto. Sukulu inawapatsa fulati ku Al Mirqab, ndipo ankakhalamo ndi mayi wina wogwira ntchito kuhotela, amene aliyense pasukulupo ankamudziwa kuti ndi mchemwali wawo. Azungu ndi Aluya akangomva kuti mchemwali, nkhani yathera pomwepo. Kwa iwo Malawi yense ndi mudzi umodzi.

Ovuta ndife eni akefe. Mmalawi akakumana ndi mnzake kunja, dzina limabwera pambuyo, choyamba ndi kufunsa kwawo. Ndipo funso limeneli pakamwa pamayankha pokha mutu usanaganize. Lachinayi lina achemwali aja anabwera pagalimoto kudzatenga madamu, ine ndili pageti kudikira basi. Bambo a pageti atamva Chichewa anawerama pawindo, nkhope ili mwee.

"Asisi, kumudzi ndi kuti?"

"Ku Rumphi, adada."

"Ku Rumphi? Si paja madamu amati kwawo ndi ku Mulanje?"

"Eya, bambo athu ankayendayenda pantchito."

"Oho. Nanga mfumu yanu ndani kumeneko?"

Anatchula mfumu, mudzi, ngakhale mtsinje umene ankatungako madzi ali mwana, Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka. Bambo aja sanafunsenso. Anangoti, "Mafi mushkila, palibe vuto, muyende bwino," n'kutsegula geti. Galimoto itapita anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana foni yanga.

Ine ndinali nditadziwa kale. Madamu anandiuza okha tsiku lina ndili kwawo, tikusankha mpunga. Anati, "Uja si mchemwali wanga. Ndi munthu wanga, tili pabanja." Ine ndinakulira m'tchalitchi. Za akazi okhaokha ndinkangozimvera pawailesi, anthu akukalipa. Koma wondiuzayo anali yemwe uja anandiperekeza kuchipatala dzino litanditupitsa tsaya, n'kukhala nane pamzere tsiku lonse. Ndinangofunsa zopusa: "Nanga amaphika ndani?" Anaseka mpaka misozi. Atatha kuseka anandikumbutsa zimene ndinkazidziwa kale, kuti ku Qatar nkhani yotere ikamveka ntchito imatha, chilolezo chokhalira m'dzikomo chimatha, mwinanso apolisi amalowererapo. Kumudzinso sikothawira, chifukwa lamulo ndi lomwelo, ndipo achibale ndiye oposa lamulo.

Chimene chinautsa mapiri pachigwa ndi mtsikana wina wa kusekondale. Ankameta tsitsi lalifupi, kuyenda kwake kunali kwa chinyamata, ndipo anzake anamupatsa dzina lachipongwe la Chiluya, lotanthauza mkazi wodzisandutsa mwamuna. Ankamubisira chikwama, kumulembera zonyansa padesiki, ndipo mtsikana aliyense wokhala naye pafupi ankasekedwa mpaka kusamuka. Kaya mwanayo anali wotani mumtima mwake sindinamufunsepo, sinali ntchito yanga. Chimene ndinkaona n'chakuti ankadyera kuchimbudzi. Aphunzitsi ambiri ankaziona, n'kumangodutsa.

Madamu analephera kupirira. Tsiku lina anaimitsa phunziro, anakalipira kalasi yonse, atsikana awiri otsogolera chipongwecho n'kuwatumiza kwa ahedi. Kuyambira pamenepo mwana uja ankadyera m'chipinda chawo cha sayansi nthawi yopuma. Ine mantha anandigwira.

"Madamu, mukudziyatsira moto nokha. Nkhani iyi musiyireni wina."

"Wina wake uti? Term yonse ndakhala ndikumudikira wina ameneyo."

Sipanapite nthawi, mayi a mmodzi wa atsikana olangidwa aja anatulukira pasukulu. Za mwana wawo sanakambe zambiri. Anafunsa chifukwa chimene mphunzitsi ameneyu akuikira kumbuyo mtsikana wotere, chifukwa chimene sanakwatiwe pa msinkhu wake, ndiponso kuti mkazi amene amakhala naye m'nyumba ya sukulu ndi ndani. Kumene anazitola sindikudziwa, koma madalaivala a ana amacheza poimika magalimoto. Ahedi, mzungu wotopa amene sankafuna phokoso ndi makolo, anaganiza zofunsa Amalawi anzawo a madamu, aliyense payekha.

Anayamba ndi ine. Ndinati inde, ndi achemwali awo, ndipo ndinawayang'ana m'maso ponena. Koma potuluka mu ofesimo ndinakumbukira kuti wotsatira anali bambo a pageti. Ndinapita kugeti komweko dzuwa likuswa mtengo.

"Bambo, akuitanani ku office after break."

"Ndamva."

"Mukanena chiyani?"

"Mayi, ine ndimaswali. Zimenezo ndi haramu, inunso ku church kwanu mukudziwa. Wa ku Mulanje ndi wa ku Rumphi, mimba imodzi? Ine si mwana."

Ndinapsa mtima. Ine mtima wanga ndi wapachala, amayi anga anaulephera kalekale.

"Ndiye mukufuna awa-cancel-e visa? Akawatsekere? Mwana uja amalira pageti pano daily akudikira driver, inu mukuona. Munachitapo chiyani? Amene wachitapo kanthu ndi yemweyo mukufuna mukamupereke."

Anakonza chipewa, n'kutsegulira galimoto ya madzi imene inali itaima panja. Ndinabwerera ku mabuku anga, koma tsiku limenelo ndinasanja zosokonekera zokhazokha.

Poweruka ndinawapeza pamalo awo. Anayamba okha kufotokoza, maso ali kumsewu.

"Anandifunsa. Ndinati, sir, ine ntchito yanga ndi gate. Galimoto ikakhala ndi sticker ndimatsegula. Anafunsanso kuti koma is she the sister? Ndinati kwathu mkazi aliyense wa ku Malawi ndi sister. Madamu ndi sister, wa ku library ndi sister, wapagalimoto uja ndi sister. Khalas, basi."

"Zikomo, bambo."

"Musandithokoze. Kunama sindinaname, ndipo kugwirizana nazo sindikugwirizana nazo. Koma akaweruze ndi Mulungu, osati a ku office."

Kuchokera tsiku limenelo moni wawo kwa madamu unafupika, koma sanasiye kupereka.

Ahedi anatseka nkhaniyo, koma anaitseka ndi malangizo awiri. Mwana uja asadyerenso m'chipinda cha sayansi. Ndipo popeza fulati ndi ya sukulu, zingakhale bwino achibale atapeza kwawo kokhala kontirakiti ya madamu isanakambidwenso. Anazinena mwaulemu, akumwetulira. Madamu anamva bwinobwino kuti akusankhitsidwa pakati pa ntchito ndi kukhala nyumba imodzi ndi munthu wawo.

Madamu anakambirana ndi munthu wawo uja, ine sindinalipo. Kusiya ntchito kukanatanthauza kuti madamu abwerere ku Malawi okha, mnzawoyo atsale ku Doha. Anaona kuti bola kukhala mumzinda umodzi, nyumba zosiyana. Hotela inali ndi zipinda za antchito ake ku Al Khulaifat, ndipo kunapezeka bedi.

Mwana uja ndinamutenga ine. Mulaibulale saloleza kudya, koma woletsayo ndinali ine ndemwe, ndiye ankakhala kuseri kwa shelefu ya mabuku a mapu, kumene sikufika munthu. Madamu akakumana naye pakhonde ankangomupatsa moni n'kudutsa. Mwanayo anandifunsapo ngati anawalakwira. Ndinamuuza kuti ayi, sanalakwire aliyense, koma chifukwa chenicheni sindikanatha kumuuza. Zinandiwawa kwambiri.

Kusamuka kunachitika Lachisanu m'mawa, tsiku lopuma ku Qatar, misewu ili zii. Ndinapita kukathandiza kunyamula. Ndinawapeza akukangana za ketulo, aliyense akuti atenge mnzake. M'nyumba zoyandikana munkakhala aphunzitsi ena a pasukulu pathu, choncho madamu sanatsike kukaperekeza. Munthu salirira mchemwali amene akungosamukira mbali ina ya tauni. Anatsanzikana chitseko chili chotseka, ine ndili pakhonde ndi zikwama, kenako tinatsika awiri.

Chipinda cha ku Al Khulaifat chinali cha mabedi osanjikiza, zovala za eni ake zili lendelende paliponse. Eni akewo anali kuntchito. Ndinalowa ndi sutikesi yaikulu, thukuta lili kamukamu, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Alamu, iyi ndiike pati?"

Anaima chilili, ketulo ili m'manja.

"Mwati chiyani?"

"Ndati alamu. Madamu aja ndimawatenga ngati akulu anga. Nanga inu ndinu ndani wanga?"

Anakhala pabedi lam'munsi, mutu n'kugunda chitsulo cha bedi lam'mwamba, koma sanamve n'komwe. Analira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinangoima ndi sutikesi yanga, osadziwa ngati ndalakwitsa.

"Zaka zonsezi," anatero atapukuta m'maso, "palibe anandiitanapo choncho. Kwawo kwa iwo ndine mnzawo wa kuntchito. Kwathu amati ndi mayi amene ndimachita nawo lendi."

Pakhonde panamveka mapazi ndi makiyi, wina akudutsa kupita kuchipinda china. Anadikira mpaka phokosolo litatha.

"Musadzanene pali anthu, chonde."

"Sindidzanena."

"Koma nenaninso kamodzi."

Ndinaika sutikesi pansi, ndinakankha chitseko mpaka chitatsekeka bwino, ndipo ndinanenanso.