Kompyuta Yotsekeredwa mu Kabati ya Ahedi

Mukamva wina ku Area 25 akunena kuti Madamu Zulaikha anachotsedwa ntchito chifukwa cha mwano, mutumizeni kwa ine Rodgers ndimuuze zoona. Ine ndinali ndi kafe ya intaneti pafupi ndi msika wa Nsungwi. Zambiri ndinaziona ndi maso angawa, zina anandiuza okha.

Mayiwa anakulira ku Kawale, mwana wa telala wosokera pakhonde la sitolo. Anali aafupi, ovala mpango kumutu, koma akayankhula, eee, ngakhale kondakitala wa minibasi ankatsitsa mawu. Ankaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya pulayiveti kwathu konkuno. Mu 2009 anatulukira chinthu chomwe ngakhale ine mwini kafe sindinkachidziwa: tsamba la pa intaneti lomwe anthu ambiri atha kulembapo limodzi, wina ali kuno, wina ali ku Biwi. Ana awo a Fomu 4 ankalembapo chimangirizo, iwo n'kumachonga pomwepo. Zolembazo sizinkakhala m'kompyuta ya munthu aliyense, zinkasungidwa pa intaneti.

M'kalasimo munali Ennie, mtsikana wanzeru kuposa onse. Anatenga mimba mayeso akuyandikira. Mukudziwa mmene timachitira ife: sukulu inamuchotsa, makolo n'kumutumiza kwa azakhali ake ku Chinsapo kuti aneba asamuone. Mnyamata wake anatsala pa benchi ya kutsogolo, akudya zigege pa buleki ngati palibe chachitika. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Ahedi, a Wilkins, analamula kuti mwana aliyense wopititsira Ennie manotsi achotsedwa nayenso. Ati nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Madamu anangobwera ku kafe kwanga n'kulowetsa dzina la Ennie pa tsamba lija. Ennie ankapita ku kafe ina ku Chinsapo atadzikulunga chitenje, n'kumalemba limodzi ndi anzake ngati kale.

Koma pakamwa pa ana simungapatseke. Nkhani inafika kwa Ahedi, ndipo anawaitanitsa Madamu mu ofesi.

"Madamu, mwana uja tinamuchotsa. Nanga m'kompyuta ya sukulu akufunamo chiyani?"

"Munamuchotsa pa benchi, Ahedi. Ine sindinamuchotse."

A Wilkins anapita mu sitafu, kuzula mawaya a kompyuta imodzi yokhayo ya sukulu, kuinyamula pachifuwa akupuma wefuwefu, n'kuitsekera mu kabati ya mapepala a mayeso. Kiyi m'thumba. "Tione ngati alembenso!" Iwo ankaganiza kuti amutsekera Ennie momwemo ndi chimangirizo chake chomwe.

Mawa lake ana anabwera kwa ine, kutsegula tsamba, ndipo aka, Ennie walembapo nkhani ina yatsopano. Anaseka mpaka amayi ogulitsa tomato panja anasuzumira. Madzulo a Wilkins anatulukira pakhomo panga thukuta lili kamukamu, ati ndifufute zonse. Ndinawauza kuti, "Bambo, ngakhale muphwanye makompyuta anga onsewa, tsambalo silili muno. Wochotsa dzinalo ndi Madamu okha."

Ndiye a Wilkins anawauza Madamu kuti asankhe: achotse dzina la Ennie kapena achoke iwowo. Aphunzitsi anzawo anawanong'oneza kuti, "Asisi, mwana wa eni ameneyu, mukufera chiyani?" Iwo anatola chikwama chawo.

"Ndichotseni ine. Dzinalo silichoka."

Anawachotsadi. Musaganize kuti zinali zophweka. Sukulu zina zinamva kuti ndi ovuta, sizinawalembe ntchito. Anayamba kukazinga samusa pa Nsungwi, ndipo ena mwa makolo omwe ankawagwadira kale ankawadutsa ngati sakuwadziwa. Koma masana aliwonse ankalowa mu kafe, kupukuta mafuta m'manja ndi chitenje, n'kukhala pa kompyuta ya pakona. Magetsi akazima ankadikira, akutukwana pang'onopang'ono. Akayaka, n'kumamudzudzula Ennie pa ndime iliyonse yopotoka, osamunyengerera ngakhale atangochira kumene. Ndiwonso anamuthamangira kuti alembetse mayeso a chaka chotsatira ngati wophunzira wapadera.

Tsiku la mayeso a Chingerezi ndinawaperekeza. Sukulu zingapo zinkalembera malo amodzi, ndipo Ennie anali atalowa kale. Khanda lake linatsala ndi Madamu pageti, atalibereka kumbuyo, akulisisita kuti lisalire. Apo a Wilkins akufika, tayi pakhosi, kudzaona ana awo. Anaima, kuyang'ana Madamu, kuyang'ana khandalo.

"Madamu, mwana wa ndani ameneyu?"

Madamu anamangitsa chitenje pachifuwa, n'kuloza ndi mutu ku holo.

"Wa mwana wanga wa Fomu 4, Ahedi. Mayi ake ali m'katimo, akulemba."